Mwala Womangidwa Luzi

Mawu akuti kutola anthu ambiri amawagwiritsa ntchito molakwika. Munthu amatola chinthu chimene chagwa chokha, monga suku pansi pa msuku, kapena chimene chatayika mwini wake osadziwa, monga singano pabwalo. Koma chinthu chimene dzanja la munthu linachiika pamalo mwadala sichitoledwa. Chimenecho chimachotsedwa, ndipo wochotsayo, kaya adziwe kaya asadziwe, amasenza pamodzi ndi chifukwa chimene anachiikira pamenepo. Sungani zimenezi, ndipo sendezani mipando kuno, pakuti nkhani ya a Mkwapatira ndi akazi awo siyenera kukambidwa mokweza.

A Layisoni Mkwapatira anayendetsa lole ya okonza misewu kufikira tsitsi linayera. Anzawo akatsika palole ankafunafuna mowa kapena nyama yootcha, koma iwo ankayenda chowerama kufunafuna miyala. Kunyumba kwawo ku Chinamwali, kabati imene akazi awo anaigulira mbale za alendo inadzaza miyala yokhayokha: wobiriwira wa ku Mzimba, wofiira wa ku Ntcheu, wosalala ngati dzira wa m'mbali mwa Shire. Uliwonse akaugwira ankatchula msewu umene anaupezako, mlatho wake, ngakhale mtengo umene unali pafupi.

"Ine mundimange m'maso, mukandisiye ku Nsanje," ankatero podzitama, "ndidzafika ku Chitipa tiyi asanazizire."

Akazi awo, a Nankhoma, amene anali mzamba wopuma pantchito, ankangopukusa mutu. "Anzanga amapukuta mbale. Ine ndimapukuta dziko lonse la Malawi, Loweruka lililonse."

Komabe ankapukuta, ndipo mwala uliwonse ankaubwezera pamalo pake.

Pa tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, mwana wawo Ulemu, amene ankagwira ntchito ku Blantyre, anabwera ndi galimoto nawatenga onse awiri kukapumula kuphiri la Zomba, m'nkhalango ya boma. Kumtunda kumeneko kuli madzi amene ana a masiku ano amawatcha nyanja. Si nyanja, ndi dziwe lochita kutseka ndi khoma. Tsiku limenelo m'mbali mwake munali mikeka ponseponse. Ena ankaotcha nyama, ena ankaponya mbedza, wailesi zikulira mopikisana, ndipo pafupi ndi msewu anthu ogulitsa anayala miyala yonyezimira pamasaka.

"Ababa, sankhani umodzi ndikugulireni," anatero Ulemu.

"Mwala wogula ulibe nkhani, mwana wanga."

A Mkwapatira anadzuka nalowera kumapeto kwa dziwe, kumene mitengo ya paini imathithikana. Atabwerako thumba la jekete linali litatupa. Anatulutsa mwala woyera, woonekera mkati ngati madzi oundana, waukulu ngati nkhonya ya mwana. Mkati mwake munali timizere takuda tonga singano.

"Ndatola mfumu ya miyala yonse," anatero.

A Nankhoma anaulandira kuti auone, ndipo anaubweza msanga. Unali wozizira kwambiri, kuposa mmene mwala wokhala m'thumba la munthu uyenera kuzizirira.

Zodabwitsa zinayamba pang'onopang'ono. M'mawa mwake a Nankhoma anapeza thabwa la m'kabati litanyowa pamene panali mwalawo. Anapukuta, koma tsiku linzake panali chimodzimodzi. Chipinda chochezera chinayamba kununkhira utomoni wa paini, chikhalirecho pakhomopo ankaphikira makala. Kenaka nsalu yakale imene ankapukutira kabati inasowa. Anaipeza pakhonde, itapindidwa mozungulira bwinobwino ngati nkhata yosenzera katundu.

"Bambo a Ulemu, mwayamba kusenza madzi?"

"Ine? Mutu uno ndi wa chipewa basi."

Anaseka onse awiri, koma a Nankhoma sanaimasule nkhatayo. Anaisiya pomwepo.

Madzulo aliwonse, nthawi imene nkhuku zimalowa m'khola, pakhonde pankamveka chinthu cholemera chikugwa, phuu, monga mtolo wa nkhuni wautali ukamatulidwa. Pambuyo pake pankamveka kupuma kwa munthu wotopa. A Nankhoma akatsegula chitseko ankapeza khonde lili mbee, galu wawo atakhala potero, akuyang'ana pakona mchira ukugwedezeka pang'ono, monga amachitira ndi mlendo amene sanamuzolowere koma sakumuda.

Zonsezi akanazipirira. Chimene chinawalowa mumtima chinali cha amuna awo.

A Mkwapatira anali ndi chizolowezi choyenda ndi mwala watsopano m'thumba la jekete kuti azionetsa anzawo. Tsiku lina anapita kumsika kukagula usipa, ndipo anabwera dzuwa litapendeka, manja ali lende, nsapato zili fumbi lokhalokha.

"Usipa uja?" anafunsa a Nankhoma.

"Sindinafike kumsika."

"Munakumana ndi anzanu a bawo, eti?"

A Mkwapatira anakhala pampando navula chipewa, nkumachizunguza m'manja. Lamulungu anatsogola kupita kutchalitchi, koma mapemphero anatha iwo osaoneka. Anawabweretsa kunyumba munthu wina wanjinga, amene anawapeza ataima pamlatho wa Likangala, akuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo wotsika basi. Munthu amene ankadziwa misewu ya dziko lonse anayamba kusokera pakati pa nyumba yake ndi golosale.

Ulemu atamva anabwera msangamsanga. Anakokera amayi ake kukhitchini nalankhula motsitsa mawu.

"Amayi, inu ndinu a zachipatala, mukudziwa chimene chikuchitikachi. Ababa mutu wayamba kutha. Ndibwera Lamulungu likudzali ndiwatenge. Kwathu kuli mpanda, geti tizikhoma."

"Abambo ako si mbuzi."

"Nanga tidikire adzagundidwe ndi galimoto?"

A Nankhoma anaganiza za munthu uja wa misewu atakhala kuseri kwa geti yokhoma, ndi kabati ya miyala ili yokha kuno, ndipo anadziwa kuti akadzapita ku Blantyre sadzabwerakonso ali yemwe uja.

Lachisanu m'mawa, akusesa pabwalo, anaona mayi wina ataima kunja kwa mpanda, pamene kanjira ka kwawo kamakumana ndi msewu. Anali atawafulatira, nkhope italoza kuphiri. Pamutu pake panali nkhata yopanda katundu. Chitenje chake chinali chonyowa chamamatira m'miyendo, pamene mvula inali italeka kalekale ndipo fumbi linali paliponse.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero a Nankhoma.

Mayiyo sanatembenuke. Mawu ake anali otsika, osasa pang'ono.

"Kuno njira n'zambiri, mayi. Ndatopa nazo."

A Nankhoma anawerama kuti atsamiritse tsache kumpanda. Poweramuka panalibe munthu. Pamene anaima paja dothi linali lakuda ndi chinyezi.

Analowa m'nyumba nakhala pafupi ndi amuna awo.

"Bambo a Ulemu, mundiuze zoona. Mukamasokera, chimachitika n'chiyani?"

A Mkwapatira anayang'ana pansi.

"Mudzati ndapenga."

"Ndakhala nanu chikhalire ndi miyala m'kabati ya mbale. Kupenga kwina ndiye kuti?"

A Mkwapatira anamwetulira pang'ono, kenaka nkhope inagwanso. "Njira ndimaidziwa, Nankhoma. Sindinaiwale ngakhale imodzi. Koma ndikafika pamphambano iliyonse, ndikangoti ndikhote, pamamveka mawu a munthu wamkazi kumbuyo kwa khutu langali. Amati, 'Si uko, bambo.' Salankhula mwaukali. Amalankhula ngati munthu wondifunira zabwino, ndipo miyendo imangomumvera. Ndikalowera kwina, pamphambano inzake atero ndithu. Dzuwa limalowa ndikungokhotakhota."

"Mwala uja munautenga pati?"

"Kumapeto kwa dziwe, mkati mwa paini. Unali pachitsa, pamene njira zimasiyana. Wina anaumangirira ndi luzi, ndiye ndinaganiza kuti ndi ogulitsa aja anausunga n'kuuiwala. Luzilo linali lofumbwa kale. Ndinangolikoka."

A Nankhoma anagwira pakamwa. Luzi limenelo amuna awo sanalitchulepo n'kale lonse.

Ali mtsikana anakhalako kwa azakhali awo, a Esitere, amene ankatema nkhuni kuphiri lomwelo ndi kuzitsitsa pamutu. Azakhaliwo ndiwo anawauza za mwambo wa amayi a nkhuni. Nkhungu ya kuphiri ikatsika, munthu saona ngakhale mapazi ake, ndipo njira zina zimathera kuphompho. Mnzawo akapita motero, nthawi zina thupi silinkapezeka. Pamenepo amayi anzake ankafuna mwala woyera, naumangirira pachitsa pamphambano imene mnzawoyo anaphonya, ndi luzi lochokera pamtolo wake. Ankamutchula dzina nati, "Khala pano, ulondere anzako." Ndipo aliyense wodutsapo ankati zikomo, ngakhale asaone munthu.

"Simunatole mwala, bambo," anatero a Nankhoma. "Mwachotsa mlonda pantchito yake. Iye akugwirabe ntchitoyo, koma kuno si kwawo. Njira za kuno sazidziwa."

A Mkwapatira anaika dzanja pathumba la jekete, nalichotsapo pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti mphambano ija ili yokha?"

"Ili yokha."

Loweruka anakwera phiri pa lole ya matabwa imene woyendetsa wake ankawadziwa a Mkwapatira. Mwala unali m'chikwama cha a Nankhoma, wokulungidwa m'nsalu ija ya nkhata, pamodzi ndi luzi latsopano limene anasenda kumtengo wa kuseri kwa nyumba. Pafupi ndi dziwe panali anthu ngati tsiku lija: banja lina likuyala mkeka, gulu la kwaya likujambulitsa pakhoma, ndi bambo wina wa mbedza amene anawapatsa moni nati, "Musapite patali, agogo. Taonani uko." Analoza pamwamba pa mitengo. Nkhungu inali itayamba kutsetsereka ngati utsi wa munda wotentha.

"Sitichedwa," anatero a Mkwapatira.

Analowa m'paini. Phokoso la wailesi linacheperachepera mpaka linatha. A Nankhoma anali ndi bondo lovuta, choncho ankayenda mwapang'onopang'ono, ndipo amuna awo anayamba kuwasiya m'mbuyo. Pamphambano yoyamba a Mkwapatira anaima, napendeketsa mutu kumvetsera. Kenaka anaseka mokweza ngati mwana.

"Nankhoma! Kuli zii! Mutu wanga wabwerera! Njira ija ndi iyi, ndikuikumbuka bwinobwino!"

"Dikirani, tiyendere limodzi."

"Ndingoona chitsacho patsogolopa, ndibwera ndikutengeni."

"Bambo a Ulemu!"

Koma munthu amene wakhala akusokera masiku ambiri, akapeza njira samva kuitana. Jekete lawo linalowa pakati pa mitengo, ndipo nthawi yomweyo nkhungu inafika. Sinabwere pang'onopang'ono. Inagwa ngati chinsalu chonyowa, mitengo yonse n'kuzimirira, kutsala iwiri itatu yapafupi yooneka ngati anthu aatali oima chete. A Nankhoma anaitana. Mawu awo sanapite patali. Anangogwera pamapazi pawo.

Pamenepo anakumbukira chimene chinali patsogolo: mphambano yopanda mlonda, njira imodzi yotsikira kumidzi, inzake yothera kuphompho, ndi mwamuna wokondwa akuyenda mofulumira.

Anayamba kuyenda, bondo likubaya. Sanapite patali pamene anamva kumbuyo kwawo chinthu chikukwekwereza pansi, kwee, kwee, monga imachitira nsonga ya mtolo wautali wa nkhuni potsika phiri. Akaima, nacho chinkaima. Azakhali awo ankati wosenza katundu samuyang'ana kumaso, amangomupatukira, choncho sanatembenuke.

Anafika pamene njira inagawikana. Ya kumanja inali yotakata, ndipo anaponda kumeneko.

"Si uko, mayi."

Mawuwo anali pafupi ndi khutu, otsika, osasa pang'ono, omwe aja a pampanda. Koma kutopa kuja kunalibe. Ankamveka ngati munthu amene wafika pakhomo pake.

"Zikomo," anatero a Nankhoma, nalowera kumanzere.

Motero anayenda. Podutsa kamtsinje, pokwera kachitunda, pozungulira mtengo wakugwa, paliponse pamene phazi lawo linafuna kulakwa, mawu aja ankati si uko, ndipo iwo ankathokoza ndi kukhota. Kukwekwereza kuja kunafulumira, ndipo anaona kuti nawonso akufulumira, bondo ataliiwala. Mphepo inayamba kumveka mwachilendo, ikuwomba kuchokera pansi, ngati pafupi pomwepo dziko latha.

Bondo lawo linagunda chinthu. Anagwada napapasa. Chinali chitsa chakale chodzala ndere, chokumbika pang'ono pamwamba, ndipo m'mbali mwake munalendewera luzi lofumbwa. Panthaka yonyowa anaona mapazi a nsapato za amuna awo. Sanalowere njira ya kumidzi.

"Layisoni!" Dzina limenelo anali asanalitchule pamaso pa munthu chikwatirane. "Layisoni!"

Kunalibe yankho.

Anatulutsa mwala nauika pokumbika paja. Unakhala ndendende, ngati dzino m'malo mwake. Anazunguliza luzi latsopano, namanga mfundo monga ankamangira mchombo wa khanda, yolimba, yosamasuka.

"Mayi, dzina lanu sindilidziwa," anatero. "Tinakulakwirani osadziwa. Pano ndi panu, khalanipo. Koma wanga walowera uko."

Kumbuyo kwawo kunamveka mtolo ukutulidwa, phuu, ndi kupuma kwakutali. Kenaka chinthu chozizira chinawadutsa pambali, chopepuka, chachangu, chonunkhira utomoni. Udzu wa m'njira ya kuphompho unagwedezeka motsatizana, kuloza kumene kunapita mapazi aja.

Kunakhala chete.

Ndipo kutali, mkati mwa nkhungu, a Nankhoma anamva mawu aja. Ulendo uno sanali otsika. Anali mfuu ya mayi woona mwana akuyandikira moto.

"Si uko, bambo!"

Timiyala tina tinagubuduzika, tinagunda kamodzi, kenaka kugwa kwake sikunamvekenso.

A Nankhoma anakhala chigwadire, atakumbatira chitsa. Sadziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Chimene akumbukira n'chakuti munkhungumo munatuluka chinthu chakuda chokwawa, ndipo chitayandikira anaona kuti ndi amuna awo, akubwera ndi manja ndi maondo, chipewa palibe, nsapato imodzi palibe.

Anafika nakhala pansi pafupi ndi chitsa. Milomo inali itayera.

"Phazi linali m'malere, Nankhoma," anatero. "Ndinali nditaponda kale. Pansi panalibe. Wina anandigwira jekete kumbuyo."

Anatembenuka kuti awaonetse. Pamsana pa jekete, pakati pa mapewa, nsalu inali itakwinyika ndi kunyowa, molingana ndi kukula kwa dzanja la munthu wamkazi.

A Nankhoma analira, kenaka anawamenya paphewa, kenaka analiranso.

"Ku Nsanje mpaka ku Chitipa! Tiyi asanazizire! Ndinati dikirani, inu!"

"Munatero."

"Nsapato ija tinagula mwezi watha!"

"Ikafika pansi itidziwitsa."

Anaseka ali ndi misozi, mpaka kuseka kunatha. Pamenepo a Mkwapatira anagwada bwinobwino kuyang'ana chitsa, nawomba m'manja mwaulemu, monga achitira mkamwini pamaso pa apongozi.

"Mayi, ndinakuchotsani pakhomo panu, ndakuyendetsani m'fumbi la m'tauni, koma inu simunandisungire mangawa. Zikomo. Zikomo kwambiri."

A Nankhoma anatenga nsalu ija, naipinda mozungulira monga anaipezera pakhonde, naiika patsinde pa chitsa. Munthu wosenza katundu nkhata imamuthera, ndipo yatsopano saikana.

Nkhungu inayamba kung'ambika. Anabwerera atagwirana mkono, a Mkwapatira akutsimphina ndi phazi la sokosi, ndipo pamphambano iliyonse ankaima pang'ono kumvetsera. Kunalibe mawu. Ankasankha okha njira, ndipo sanalakwe ngakhale imodzi. Atatulukira padziwe anapeza anthu akuyalanso mikeka, a kwaya akuyimba, ndi bambo wa mbedza uja akuwayang'ana kumapazi.

"Agogo, nsapato ina mwagulitsa?"

"Ndalipira msonkho wa phiri," anayankha a Mkwapatira.

M'mawa mwake Ulemu anafika ndi galimoto monga ananenera. Abambo ake anamupempha makiyi, namuyendetsa iye ndi amayi ake kupita kutchalitchi, kuchokera kumeneko kumsika, nabwerera kudzera njira yachidule imene Ulemuyo sankaidziwa. Ulemu anabwerera ku Blantyre yekha, akupukusa mutu. Amayi ake sanamufotokozere zambiri. Anangoti abambo ake anali ndi katundu wa mwini, ndipo abweza.

Khonde linakhala chete madzulo amenewo ndi madzulo onse otsatira. Galu anafunafuna pakona paja kwa kanthawi, kenaka analeka. A Mkwapatira sanasiye kukonda miyala, koma asanaunyamule ankayamba ayang'ana ngati wagona mwa iwo wokha kapena wakhazikidwa. M'kabati, pakati pa wa ku Mzimba ndi wa ku Ntcheu, anasiya malo opanda kanthu, ndipo a Nankhoma ankapukutapo Loweruka lililonse monga pa ina yonse. Chaka chilichonse nyengo ya chisanu, pamene ena ankakwera phiri ndi nyama ndi wailesi, awiriwo ankakwera ndi luzi latsopano. Dzina la mayi uja sanalidziwe konse. Ankangoti a pachitsa.

Mwalawo unabwerera pamalo pake, ndipo a Mkwapatira anabwezedwa kwa akazi awo, Loweruka pa 3 Ogasiti, 1996.